KU SAPITWA KULIBE "TSITSANI PANG'ONO"

Inu ogulitsa majekete a kaunjika mumsika wa Limbe, ndabwera kudzapepesa. Zaka zonsezi ndakhala ndikukudutsani ngati sindikukuonani, n'kumati jekete lochindikala ndi la azungu. Mwezi wa Julaye phiri la Mulanje linandiphunzitsa ulemu.

Zinayamba ndi matama. Mnzanga wina anati azungu ndi anthu odabwitsa, amalipira ndalama kuti akazizidwe pamwamba pa phiri, eti kumeneko ndiye kupuma. Ine ndinati ngati mlendo amakwera, nanga ine mwana wa konkuno? Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi, kudutsa minda ya tiyi ya ku Thyolo, kutsika pa Chitakale, kenaka kabaza mpaka ku Likhubula kumene kumayambira njira zokwerera phirili.

Pamenepo pamakhala anyamata olondolera alendo njira ndi ena onyamula katundu. Ine, chizolowezi cha pamsika, ndinayamba kunenerera. "Achimwene, tsitsani pang'ono, ndine wakwanu." Mnyamatayo anayang'ana nsapato zanga zopitira ku tchalitchi, kenaka kajuzi kanga. "Bwana, mtengo ndatsitsa, koma phiri silitsika. Jekete lili kuti?" Ndinangoseka.

Tinatenga njira ya Skyline yopita ku Chambe. Dzinali linachokera ku chingwe chachitsulo chimene kale chinkatsitsa matabwa kuchokera pamwamba. Abale inu, njira imeneyi ilibe chisoni. Maola anayi ndikungokwera, mawondo ali njenjenje, pamene amayi osenza nkhuni akutsika chothamanga, n'kundipatsa moni wachifundo ngati wodwala.

Ndinafunsa kuti mkungudza uli kuti, mtengo wonunkhira uja umene mumagulitsa timabokosi take. Anandiloza zitsa. Mtengowu unasankhidwa mu 1984 kukhala mtengo wa fuko lathu, ndipo kwawo ndi phiri lokhali padziko lonse lapansi. Koma ofufuza atawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Ina yonse tinadya ndife, ndi macheka. Timitengo tatsopano akubzala ndithu, koma mkungudza sukula ngati bulugama.

Tinagona m'nyumba ya alendo ya pa Chambe, ya matabwa, mlonda atatikolezera moto. Usiku ndinavala zonse zimene zinali m'chikwama, mpaka masokosi m'manja. Kutacha udzu unali mbuu ngati wina wamwaza ufa woyera. Ndi chisanu chimenecho, muno m'Malawi momwemuno! Madzi a mumtsinje kungolawa, mano onse kulira.

Tsiku lachiwiri tinayenda mpaka ku Chisepo, kanyumba ka m'tsinde mwa Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse m'dziko muno, mamita 3,002. Kuno kulibe golosale, kulibe wogulitsa chipisi, kulibe ngakhale tambala. Ukaiwala mchere ku Likhubula, ndiye kuti wadya zosakolera. Koma bata lake! Munthu wozolowera phokoso la makondakitala umachita kumva mtima wako ukugunda.

M'mawa wa tsiku loti tikwere Sapitwa kunabwera chiperoni. Ku Limbe timachidziwa ngati kamvula kowaza kamene kamathamangitsa makasitomala. Kumeneko n'kuseweretsa chabe. Mphepoyi imachokera ku Mozambique, kumene kuli phiri la Chiperone, ndipo pamwamba pa Mulanje imafika ndi ukali wake wonse. Chifunga chinatseka moti mwala umene unali pakhomo sunaonekenso.

"Lero sitipita," anatero mnyamata uja.

Ndinapsa mtima. "Iwe, ndalipira ine!"

Sanakweze mawu. Anandikumbutsa za mnyamata wa ku Brazil amene mu Julaye 2009 anasiya womulondolera njira n'kukwera yekha. Nyengo inasintha, anasokera, ndipo mtembo wake unapezeka patapita milungu. Chinamupha ndi kuzizira. Akuluakulu amati kumeneko n'kwa mizimu, ndipo ukapeza chakudya panjira udye wekha osaitana mnzako. Za mizimuzo aliyense ali ndi maganizo ake, koma zala zanga zinali zitakana kale kumanga chingwe cha nsapato. Ndinakhala pansi.

Tsiku lonse tinangobindikira pamoto, kumwa tiyi wopanda mkaka. Ataona kuti mano akugundana, anavula jekete lake n'kundiveka, iye n'kudzifunda bulangete. Jeketelo linali la kaunjika, lotuwa, zipi yakufa. Ndinalikumbatira ngati mwana wobadwa kumene. Munthu amene ndinamudula ndalama uja!

Kutayera mawa lake, chakudya chinali chitatha, choncho tinayamba kutsika. Pobwerera ndinaona chigwa cha Phalombe chili tandale, komanso zipsera m'mbali mwa phiri mmene munadutsa napolo nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Ine ndinalidziwa ndi mawondo.

Pa Sapitwa sindinafike, ndipo sindinama. Titafika ku Likhubula ndinabweza jekete la eni, n'kuwonjezera ndalama ija ndinadula, pamodzi ndi ya fanta. Anawerenga, n'kufunsa ngati ndidzabwerenso chaka chamawa.

Ndidzabwerera. Ndiye mukamatsegula belo Loweruka likubwerali, mundisungire lochindikala, la chipewa, saizi yaikulu. Koma chonde, poti mwawerenga nkhaniyi, musandikwezere mtengo.