Kapinga wa Gymkhana: bwalo lakale lofuna osewera atsopano

Aliyense wodutsa mumzinda wa Zomba pamsewu wochoka ku Blantyre kupita ku Liwonde amaliona bwaloli. Lili m'munsi mwa phiri, pafupi ndi pakati pa tauni, kapinga ali chiyalire ndipo mitengo ikuluikulu yaima m'mbali mwake. Ambirife timangolionera pazenera la minibasi n'kunena kuti awo ndi malo a mabwana. Koma bwalo la gofu la Gymkhana Club lidaona zambiri, ndipo mbiri yake ndi mbiri ya amene adali ndi mphamvu m'dziko muno.

Boma la Britain litatenga dziko lino m'chaka cha 1891, Harry Johnston adasankha Zomba kukhala likulu. Adafikira m'nyumba yomwe John Buchanan wa ku Scotland adamanga mu 1886, imene pambuyo pake idasanduka Hotel Masongola. Azungu ogwira ntchito m'boma ndi akuluakulu a asilikali atayamba kuchuluka, adafuna malo okumanirana akaweruka. Kalabu ya Gymkhana idabadwa m'zaka zomwezo za m'ma 1890, nthawi imodzi ndi inzake ya Blantyre Sports Club yomwe idayamba mu 1896. Nyumba ya kalabuyi yomwe tikuiona lero idamangidwa mu 1923.

Dzina lenilenilo likutiuza komwe eni ake adadzera. Mawu akuti gymkhana adachokera ku India, kumene Angerezi ankatchulira choncho malo amasewero ndi mipikisano ya akavalo. Paja ngakhale asilikali oyamba a Johnston adali Asikh ochokera ku India komweko. Gofu naye ndi mlendo: adakulira ku Scotland, ndipo mwambo woti masewero athunthu akhale a maenje 18 udachokera kubwalo la St Andrews.

Kalabu idakula pamodzi ndi boma. Maofesi akamachuluka, mamembala nawo ankachuluka, ndipo pambali pa gofu pankaseweredwa tenesi, kiriketi ndi mpira wamiyendo. Azungu a ku Zomba ankapikisana ndi anzawo a ku Blantyre. Chitsanzo chimenechi chidafalikira. Ku Limbe kudabwera kalabu, kuminda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje chimodzimodzi, ndipo patapita zaka minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa nayo idakhala ndi mabwalo ake. Mukayang'ana pomwe pali bwalo la gofu m'Malawi muno, mwapeza pomwe padali boma, tiyi kapena shuga.

Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pa nthawi ya atsamunda munthu wakuda sankaloledwa kukhala membala. Ankalowa ndithu pachipata, koma ndi chikwakwa chotchetchera udzu, kapena kudzaphika, kudzaperekera zakumwa ndi kusenza zikwama za ndodo. Amwenye nawo adachita kuyambitsa kalabu yawoyawo ku Blantyre. Choncho kapinga wokongolayo adasalazidwa ndi manja a agogo athu, omwe mayina awo sadalembedwe pa zikho. Zitseko zidayamba kutsekukira Amalawi ufulu wa 1964 utayandikira ndi kufika, pamene ana a dziko lino adayamba kutenga mipando m'maofesi a boma.

Kenaka likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo idatsatira mu 1994. Mabwana atapita, ulemerero wa gofu udapita nawo. Bwalo la Lilongwe Golf Club lili ndi maenje 18, pomwe la Zomba lili ndi 9, moti wofuna masewero athunthu amazungulira kawiri. Zomba idatsala ndi sukulu yaukachenjede, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi ndi amalonda, ndipo kalabu idatsala nawo limodzi.

Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina yoyendera kumudzi. Chilimwe chathachi tidasonkherana ndalama ndi makolo n'kutengera ana a Fomu 3 ku Zomba kuti akaone ndi maso zomwe timangowerenga m'mabuku. Titaona nyumba yakale ya malamulo ndi chipilala cha asilikali a KAR, tidaima m'mphepete mwa bwalo la gofu kudya zomwe tidatenga. Bambo wina wachikulire, wonyamula zikwama za osewera, adali pamthunzi kudikira bwana wake. Nditamulonjera ndidati, "Bambo, anawa sadaonepo masewerowa. Mungatifotokozereko?"

Adavomera mwansangala. Adati wosewera amamenya kampira kuchokera poyambira mpaka kakalowe m'kadzenje kokhala ndi mbendera, ndipo wopambana ndi amene wamenya kochepa, osati kochuluka. Kadzenjeko kukamwa kwake sikufika masentimita 11. M'chikwama saloledwa kuikamo ndodo zoposa 14, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake: ina yoponyera kutali, ina yovuulira kampira mumchenga, ina yokankhira pang'onopang'ono pafupi ndi dzenje. Chomwe chidawadabwitsa kwambiri ana n'chakuti nthawi zambiri sipakhala woyimbira. Wosewera amawerenga yekha, ndipo akalakwitsa amayenera kudziulula yekha. Mnyamata wina adaseka n'kunena kuti kwathu mpira wopanda woyimbira ungathere kwa amfumu.

Koma funso lomwe lidandikhala pamtima lidachokera kwa mtsikana wina wofatsa. Adati, "Aphunzitsi, malo onsewa osalimapo chimanga? Kwathu munda ndi mizere yowerengeka." Ameneyu sadafunse zachibwana. Boma la Zomba lili ndi anthu ambiri ndipo minda ikucheperachepera. M'matauni mwathu taona malo opanda nyumba akudulidwa mapoloti, mabwalo ampira akusanduka misika ndi magolosale. Bwalo ngati ili lili pamalo omwe aliyense wa ndalama angawasirire.

Maganizo anga ndi akuti bwaloli lisungidwe. Tauni yopanda malo opumirako mpweya ndi khola chabe, ndipo mbiri, ngakhale yowawa, sitiikwirira ndi simenti. Koma malo aakulu chonchi sangatetezedwe ndi mpanda wokha. Adzatetezedwa ndi anthu omwe akuwaona ngati awo. Mwana yemwe adagwirapo ndodo pa kapinga ameneyu ndiye mawa, atakhala khansala kapena phungu, adzakane kuti adulidwe. Yemwe adangoonera kumsewu sadzamva chisoni.

N'chifukwa chake ndikupempha makalabu onse a gofu m'dziko muno kuti aganizire zopatula tsiku limodzi pamwezi la ana asukulu, kuphatikizapo akumidzi. Ndodo zakale zomwe zangokhala m'nyumba za mamembala zingakwanire poyambira. Aphunzitsi alipo kale: onyamula zikwama aja amawadziwa masewerowa kuposa mabwana ena omwe amawanyamulira, ndipo kuphunzitsa ana kungawapatse ulemu ndi kangachepe. Gofu adabwereranso ku masewero a Olympics mu 2016, choncho mwana waluso ali ndi kolowera. M'mera mpoyamba.

Nafenso aphunzitsi tisamangothera pa chipilala ndi maofesi akale tikapita ndi ana ku Zomba. Tiwaimike pabwaloli n'kuwauza amene adalitchetcha, amene adaseweramo ndi amene adatsekeredwa kunja. Kalabu ya Gymkhana idakula koyamba ndi atsamunda, kachiwiri ndi mabwana a boma la Amalawi. Boma lidapita ku Lilongwe ndipo silibwerera. Ikafuna kukula kachitatu, iyang'ane kwa ana a ku Chinamwali, Sadzi, Jali ndi Mayaka.