Mpeni wa puleni sufuna kuwongoka ngati rula

Mukamagula tebulo kapena bedi kwa akalipentala a m'mbali mwa msewu, musamangokopeka ndi vanishi. Yendetsani chikhatho pathabwalo mopingasa. Mukamva timizere tokwera ngati masitepe, thabwa lisanamiziridwe. Wolakwa ndi mpeni wa puleni, makamaka kanoledwe kake.

Izi ndinazidziwira kwa amalume anga, amene akhala akupala matabwa ku Ndirande kuyambira ine ndisanabadwe. Ali ndi mapuleni awiri a Stanley, nambala 4 ndi nambala 5, ndipo mipeni yake sainola mofanana. Wa nambala 5, woyambira thabwa lokhakhala lochokera kumacheka, amaunola mokhota pang'ono ngati uta, kuti pakati pokha pazidya kwambiri. Wa nambala 4, womalizira, amausiya wowongoka koma amafufuza timakona take tiwiri pamwala. Makona akuthwa aja ndi amene amasiya mizere imene mukuimva kuchikhathoyo.

Anyamata ambiri masiku ano amangothamangira kugirayinda. Sindikuwanena, magetsi akayaka aliyense amafuna athane nazo asanazimenso. Koma girayinda imatenthetsa chitsulo, ndipo nsonga ikangosanduka yabuluu, basi yafewa. Imaoneka yakuthwa, koma mukapala mlombwa kawiri katatu yabuntha kale. Amalume amapitako pokhapokha mpeni ukagumuka pamsomali, ndipo amakhala ndi kachitini ka madzi pambali, kunola pang'ono, kuviika, kunolanso.

Ntchito yeniyeni imachitikira pamwala wothira mafuta. Mbali yopendekeka ya mpeni imakhala pa madigiri 25, ndiye ponola amautukula pang'ono kufika cha m'ma 30. Iwo sayeza ndi chilichonse, dzanja linazolowera. Amayendetsa mpeniwo mwala wonse, osati pakati pokha, chifukwa mwala ukakumbika umapereka chigwa chakecho kumpeni.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi kumsana kwa mpeni, kumene anthu ambiri sakuganizirako n'komwe. Kuthwa ndi pamene mbali ziwiri zakumana, choncho ngati kumsanako kuli dzimbiri kapena mabampu, mutha kunola mbali inayo mpaka dzuwa kulowa osaphula kanthu. Mpeni watsopano amalume amayamba augoneka chafufumimba pamwala mpaka kumsana kufupi ndi nsonga kuwale ngati galasi. Akamanola amagwiragwira kumsanako ndi chala. "Ukamva kandevu, wafika," amatero, kutanthauza kachitsulo kopyapyala kamene kamapindikira kumbuyo. Kandevuko amakachotsa pamwala pomwepo, n'kumalizira pa lamba wakale wachikopa.

Pobwezera, chitsulo chophimba chija amachimanga pafupifupi milimita imodzi kuchokera kunsonga. Chikakhala kutali, mbawa imene mitsempha yake imapita uku ndi uku imangozuka m'malo mopalika, ndipo maenjewo ngakhale sandipepa amavutika nawo.

Paini wa ku Chikangawa ndiye mboni yabwino. Ndi wofewa, moti mpeni wobuntha umangomufinya n'kutulutsa fumbi, pomwe wakuthwa umatulutsa timapepala topiringizika toti mutha kuonera kuwala. Ine ndikafika pashedi ya kalipentala amene sindimudziwa, ndimayamba ndayang'ana pansi pa benchi, kenako ndiye tikambirane mtengo.