Mphamvu Imapita Kuti?

Ndimaphunzitsa Physics pasekondale ina yoyendera kuno ku Nsaru. Zipangizo za mulabu n'zochepa, koma mutu wa mphamvu sundidetsa nkhawa, chifukwa zida zake ana amazisiya kunyumba m'mawa uliwonse: mtondo, njinga, legeni, mafuwa.

Lamulo lake ndi lalifupi: mphamvu sipangidwa ndipo siwonongeka, imangosintha mtundu. Mwana amaliloweza tsiku limodzi n'kukalilemba bwinobwino pamayeso a MANEB, koma mumtima salikhulupirira. Iye amaona nkhuni zikunyeka mpaka phulusa, batire la tochi likutha. Ukamuuza kuti palibe chatayika, amangoti "Inde, sala" mwaulemu. Ntchito yanga yagona pamenepo.

Ndimayamba ndi kusinja. Mtsikana akakweza munsi, mphamvu ya nsima imene anadya yasungika mumunsiwo chifukwa uli m'mwamba. Akautsitsa, yasanduka ya liwiro. Wagunda chimanga, phu! Ndiye ndimafunsa: "Munsi waima. Mphamvu ija ili kuti?" Amakhala chete. Kenaka wina amati yakonola chimanga, wina amatchula phokoso. Yachitatu imavuta, mpaka ndiwakumbutse ufa wongotuluka kumene m'chigayo. Aliyense anapisamo dzanja, akudziwa kuti umatentha. Pamenepo nkhope zimamasuka.

Mwala womangirira chingwe kudenga ndiwo umamaliza mkangano. Ndimaukokera pachibwano changa, n'kuutaya osaukankha. Umapita, umabwerera, ana akukuwa kuti ndithawe, koma sundifika. Sungakwere kuposa pamene unachokera, ndipo ulendo uliwonse mpweya umaulandako mphamvu pang'ono.

Masamu ndimawatengera kuchitsime. Chidebe cha malita 20 ndi makilogalamu 20 a madzi. Kuchikoka mamita 10 ndi 20 × 10 × 10 (10 winayo ndi wa kukoka kwa dziko lapansi), majoule 2,000. Amene amatunga madzi tsiku ndi tsiku salakwitsa samu imeneyi.

Tikatero timapita patali. Babu la pa Namitete limayaka chifukwa madzi a mu Shire akugwa pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira n'kuzunguza makina a EGENCO, magetsiwo n'kuyenda m'mawaya a ESCOM. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima wake ana akuukumbukira. Ndimawafunsa amene anakweza madziwo kumtunda kuti agwe. Tikalondola mvula ndi mitambo, timakathera padzuwa, lomwelo limene likupanga magetsi pa sola ya mamegawati 60 ku Salima, lomwelonso linakulitsa mtengo wa nkhuni.

Chimene ndimakakamira kwambiri ndi cha kukhitchini. Mphamvu siwonongeka, inde, koma ikamwazika simungaitolerenso. Pamafuwa atatu moto wambiri umathawira m'mbali, kutenthetsa miyendo ya wophika m'malo mwa mphika. Makala ndiye amataya kawiri: poyamba pauvuni, kenaka pambaula. Ukaona matumba a makala a ku Dzalanyama akulowera mu Lilongwe panjinga, dziwa kuti mphamvu yambiri ya mitengoyo inatsala kuthengo ngati utsi ndi kutentha. Zimandiwawa kuti mwana akhoze Physics koma osaziona izi.

N'chifukwa chake ntchito yakunyumba sindipereka ya m'buku. Aliyense akawiritse madzi ofanana pamafuwa ndi pa Chitetezo Mbaula, mphika womwewo, wovindikira, awerenge nkhuni zimene zapita, abwere Lolemba adzatiuze kumene kutentha kwinako kunalowera.