Mwana Awerenge Yekha, Timumve

Ntchito yanga ndi yophunzitsa ana amene kuwerenga kumawakanika pamene anzawo a msinkhu womwewo akutha, ndipo ndimaigwira m'sukulu za pulayimale za kumapiri a Dedza. Akatswiri vutoli amalitchula kuti dyslexia. Kumudzi mwana wotere amangomunena kuti ndi wouma mutu, kapena kuti sukulu siyake, bola akalime mbatata. Chida chimene ndimadalira kwambiri pa ntchitoyi ndi khutu, ndipo mfundo imene ndikuikira kumbuyo ndi imodzi: mwana aliyense wa Sitandade 1 ndi 2 azimvedwa akuwerenga yekha, mokweza, mphunzitsi atakhala pambali pake, ndipo amene wapezeka akutsalira athandizidwe nthawi yomweyo, m'Chichewa, Chingerezi chisanamupeze. Tikamadikira chikalata cha katswiri, kapena tikamadikira kuti abwereze kalasi, mwanayo timakhala tikumutaya tikuona.

Vutoli si lachilendo. Mu 1896 dokotala wina wa ku England, W. Pringle Morgan, adalemba za mnyamata wa zaka 14 amene anali wochangamuka, masamu ankawatha, koma kuwerenga kunkamukanika ngakhale adaphunzitsidwa kwa zaka zambiri. Masiku amenewo ankaganiza kuti cholakwika chili pa kapenyedwe. Kafukufuku wa pambuyo pake adasonyeza kuti gwero lake kwenikweni lili pa maliwu: ubongo wa mwanayo umavutika kuphwanya mawu olankhulidwa kukhala tizidutswa, n'kulumikiza kachidutswa kalikonse ndi lembo lake. Mwana amamva "phala" ndipo amadziwa bwino kuti ndi chakudya cha m'mawa, koma mukamufunsa liwu loyamba, kapena chimene chikusiyanitsa "phala" ndi "pala", "khola" ndi "kola", amangoti kakasi. Vutoli limayenda m'magazi, moti kawirikawiri pamapezeka kholo kapena malume amene nayenso sukulu idamukanika pa kuwerenga pomwepo. Silikhudzana ndi kuchepa kwa nzeru. Akatswiri ambiri amati limapezeka mwa ana 5 mpaka 10 pa ana 100 alionse, ndiye kuti m'kalasi lathu limodzi la Sitandade 1 muli ana otere angapo. Ndinenepo apa kuti kutembenuza b ndi d, kumene anthu amakutenga ngati chizindikiro chachikulu, amachita pafupifupi ana onse ongoyamba kumene; pakokha sikundiuza kanthu.

Ena amati ili ndi vuto la Chingerezi, chinenero chimene chimalembedwa mwina n'kumatchulidwa mwina, ndipo kuti ife a Chichewa tidapulumuka. Zoona, kalembedwe kathu ndi kachilungamo: malembo a liwu ndi asanu, a, e, i, o, u, ndipo phatikizo limathera pa lembo la liwu, moti wodziwa ba, be, bi, bo, bu wapita kale patali. Koma mu 2001 Eraldo Paulesu ndi anzake adayerekeza anthu a dyslexia a ku Italy, France ndi England, n'kupeza kuti mbali yomweyo ya ubongo inkagwira ntchito mofooka mwa onsewo powerenga, ngakhale a ku Italy, amene kalembedwe kawo ndi kolongosoka ngati kathu, ankalakwitsa pang'ono. Kalembedwe kolongosoka sikachotsa vutoli, kamangolibisa. Mwana wathu sangalakwitse kwambiri, koma amawerenga mochedwa, mokoka, mphumi itachita thukuta. Ndipo Chichewa chili ndi msampha wakewake, mawu ataliatali. Tatengani "akadzabweranso". Wowerenga bwino amawatola kamodzi. Mwana wa dyslexia amayamba a, ka, dza, n'kukakamira pa bwe, ndipo akamafika pa nso, zoyambirira zija zauluka kale m'mutu. Wawerenga zonse molondola, koma sanamve kanthu. Ena amaphunzira kuba: amaona phatikizo loyamba n'kungoganizira zotsalazo, "akadzabweranso" n'kukhala "akadya".

Chimene chimabisa kwambiri mwana wotere ndi kuwerengera pamodzi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi oyambirira akhala odzaza, ndipo ana 100 kwa mphunzitsi mmodzi si nkhani yodabwitsa ku Linthipe, Lobi kapena Mayani. Mphunzitsi amaloza pa bolodi, kalasi lonse n'kuyankha mogwirizana, mawu n'kumamveka mpaka kumsewu. Mwana wathu amachita ngati woimba kwaya amene sadziwa nyimbo: amatsegula pakamwa pamodzi ndi anzake, amatsalira pang'ono chabe, ndipo palibe angamugwire. Popeza ambiri mwa ana amenewa amaloweza msanga zimene amva, amatha kunena tsamba lonse pamtima atangoona chithunzi chake. Mukaphimba chithunzicho ndi dzanja n'kuloza mawu a pakati pa mzere, zonse zimathera pomwepo.

Kumva mwana kumatenga mphindi imodzi. Ndimamupatsa kapepala ka maphatikizo osakanizidwa, osati m'ndondomeko ya pa bolodi ija, komanso mawu opeka opanda tanthauzo monga "nupa" kapena "thozi", chifukwa amenewo sangawaloweze kapena kuwaganizira. Ayenera kuwamanga yekha. Ndimamvetsera pamene akuima, ndimayang'ana ngati maso ake ali pa pepala kapena pankhope panga, ndimaona ngati mb, nd, ng', kh ndi dz akumuzunguza. Chithandizo chake nachonso sichifuna ndalama zambiri. Timayamba popanda malembo: ndimatchula "nyemba", iye n'kukankha chitsekerero cha botolo chimodzi pa phatikizo lililonse, nye, mba. Kenako amaika chikhatho pafupi ndi pakamwa kuti amve mpweya umene umatuluka ponena "pha" koma osatuluka ponena "pa", ndipo h uja, amene poyamba anali chokongoletsa chabe, amapeza ntchito yake. Lembo latsopano amalitchula, kulilemba ndi chala pamchenga, n'kuliumba ndi dothi, limene ku Dedza kuno sitisowa. Njira yogwiritsa ntchito khutu, maso ndi dzanja pamodzi idakonzedwa ndi Samuel Orton ndi Anna Gillingham ku America m'zaka za m'ma 1930, koma mphamvu yake, m'kuona kwanga, ili pa dongosolo kuposa pa dothi: kanthu kamodzi pa nthawi, kubwereza tsiku lililonse, osapita patsogolo chakale chisanakhazikike. Ndondomeko ya boma ya kuwerenga, National Reading Programme, imene idayamba mu 2016, imaphunzitsa kale maliwu ndi maphatikizo mwadongosolo. Mwana wathu amafuna zomwezo, koma mobwereza kwambiri ndiponso pa liwiro lake, pomwe buku la mphunzitsi limathamanga ndi kalendala.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi ichi, ndipo sindichipeputsa. Kafukufuku wa kuwerenga amene adachitika m'dziko muno mu 2010 adapeza kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi a nkhani. Ngati zili choncho, wina angafunse, mudzamudziwa bwanji wa dyslexia pakati pa khamu la osatha kuwerenga? Kodi simukupereka dzina la matenda kwa ana amene vuto lawo ndi njala, kujomba nyengo yokumba mbatata, kusowa kwa mabuku kapena kaphunzitsidwe koperewera? Yankho langa ndi lakuti dzinalo silibwera poyamba. Poyamba ndimachotsa zina zonse. Kodi mwanayu amamva bwino, kapena khutu limatuluka mafinya? Kodi bolodi amaliona? Kodi amabwera kusukulu, makamaka m'mawa wa chisanu cha Juni ndi Julayi? Kodi kwawo amalankhula Chichewa, kapena ndi wa Chiyao, ngati ambiri a kwa Tambala, ndipo akuphunzira chinenero ndi malembo nthawi imodzi? Zikatha izi, onse otsalira timawaphunzitsa maliwu m'kagulu kakang'ono kwa teremu. Amene adangosowa mpata amanyamuka msanga. Amatsala ochepa amene amabwera tsiku lililonse, amamva, amaona, nkhani yofotokozedwa pakamwa amaigwira bwino, koma pa pepala akukwawabe. Amenewo ndiwo anga. Taonani kuti panjirayi palibe amene waluza: chithandizo cha wa dyslexia ndi chomwecho chimene wotsalira aliyense amafuna, ndipo kusiyanitsa kumachitika chithandizo chili m'kati.

Aphunzitsi anzanga amati nthawi kulibe, ndipo ntchitoyi ndi ya akatswiri. Za nthawi, tiwerengere: ana asanu pa tsiku, mphindi imodzi aliyense, kalasi la ana 100 latha m'masabata anayi. Za akatswiri, koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imaphunzitsa aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira, koma otulukako ndi ochepa poyerekeza ndi sukulu zonse za dziko lino, ndipo katswiri mmodzi amayendera sukulu zingapo zotalikirana, ena panjinga, m'misewu ya m'mapiri imene nthawi ya mvula imaterera. Ulumali wooneka umapeza thandizo msanga. Mwana wosamva anthu amadziwa kuti ku Mua kuli sukulu yake. Wa dyslexia alibe ndodo kapena chizindikiro chilichonse, choncho sangafike kwa katswiri pokhapokha mphunzitsi wa kalasi atamuzindikira. Malamulo adalembedwa, la anthu aulumali la 2012 ndi ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021, koma pepala silimva mwana akuwerenga. Luso la mphindi imodzi lija liyenera kuphunzitsidwa kwa aliyense wotuluka m'makoleji a aphunzitsi ngati St Joseph's ku Bembeke, ndipo alangizi a maphunziro, a PEA, akamayendera sukulu azilifunsa monga amafunsira sikimu. Matabuleti a BEFIT amene adayamba kufika m'sukulu mu 2023 ndimawalandira, chifukwa satopa kubwereza ndipo sanyoza mwana, koma wina ayenerabe kukhala pansi n'kumva chimene chikutuluka pakamwa pa mwanayo.

Makolo ambiri, ngakhalenso aphunzitsi, amakhulupirira kubwereza kalasi: akhwime kaye, chaka chamawa zidzalowa. Kwa mwana amene adajomba theka la chaka, mwina zingathandize. Kwa wa dyslexia ndi kumupatsa phunziro lomwelo, pa liwiro lomwelo, m'khamu lomwelo limene lidamubisa chaka chatha, kungoti tsopano ndi wamtali kuposa anzake ndipo akumuseka. Nthawi nayo simudikira. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amayenda m'Chingerezi, chimene malembo ake sasunga lonjezo, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 amafuna kuti awerenge funso asanaonetse kuti yankho akulidziwa. Amene walowa m'Chingerezi asanagwire chinsinsi cha maliwu m'chinenero chosavuta amalephera sayansi ndi masamu omwe, pomwe ndi nzeru zake akanazitha. N'chifukwa chake pamene akuphunzira kuwerenga pang'onopang'ono, maphunziro ena asamudikire: mnzake amuwerengere funso, ayankhe pakamwa pa mayeso a m'kalasi, apatsidwe nthawi yoonjezera, ndipo asamaimiritsidwe kuwerenga pamaso pa kalasi asanakonzekere. Kholo, ngakhale losadziwa kulemba, ndimalipempha ziwiri: lisiye kumukwapulira makhiki, ndipo madzulo lizimumvera akuwerenga mizere itatu yomwe tidakonzera limodzi kusukulu.