Wapansi mpaka ku Machrihanish

Olemera akafuna gofu wa ku Machrihanish, kugombe la Scotland, amakwera ndege ku Glasgow, ola osakwana afika. Ine ndinakwera basi. Maola anayi, kudutsa Loch Lomond, Inveraray, Tarbert, msewu wokhotakhota ngati wa Khwekhwerere. Ndinkakafuna ntchito yotsuka mbale kuhotela, lendi itandifika m'khosi.

Basi inathera ku Campbeltown, kutatsala makilomita 8. Ya takisi? Ndinali nditatumiza kwa mayi. Ndinauyamba wapansi, mphepo ya Atlantic ikundiwomba mbama, nsapato za intavyu zikumwa madzi.

Nditafika ndinaona mdala wina akumenya kampira kudutsitsa pamwamba pa gombe. Kanagwera mumchenga, iye n'kungoseka. Ine ndinapukuta nsapato ndi udzu, n'kukagogoda chitseko chakuseri.