Amati ku Tete kulibe chisanu

Anzathu a ku Maputo ndi a ku Blantyre akangomva kuti munthu ukuchokera m'chigawo cha Tete, mawu awo oyamba amakhala a kutentha. Amati kwanu kuja dzira lingapse pamwala, amati bulangete mumangolimva pa wailesi. Sindikangana nawo kwenikweni, pakuti aliyense amene anadikirapo chapa ku Matundo masana a mwezi wa Okutobala akudziwa kuti nthabwalazi sizinangopekedwa. Koma anthuwa amadziwa Tete mmodzi yekha, wa m'mphepete mwa Zambezi, ndiponso wa miyezi ya chilimwe yokha. Ife a pakati pa Zóbuè ndi Moatize tili nacho chisanu chathu, ndipo kwa ine imeneyi ndiyo nyengo imene dziko lathuli limaoneka monga liliri.

M'dzinja paliponse pamabiriwira. Ngakhale pa nthaka ya miyala yokhayokha pamamera udzu wofika m'chiuno, ndipo mlendo sangasiyanitse malo abwino ndi oipa. Koma ikafika Juni ndi Julayi, udzu ukauma, mitengo ikayoyola masamba, mpamene umaona bwinobwino pamene pali madzi ndi pamene palibe.

Ntchito yanga ya pa wailesi imandidzutsa tambala woyamba, ndipo mauthenga a omvera a m'mamawa amandiuza za nyengo ndisanasuzumire n'komwe panja. A ku Zóbuè amadandaula kuti zala zauma, ana akukana kusamba popita kusukulu. A ku Moatize amadandaula za fumbi ndi chifuwa. A ku Mualadze kawirikawiri amanena za madzi. Malo onsewa ali m'boma limodzi, mwezi ndi womwewo, koma madandaulo ake atatu.

Tiyambire kumtunda, poti ndiko chisanu chimachokera. Ku Zóbuè m'mawa wa Julayi phiri lija silioneka. Nkhungu imaliphimba mpaka dzuwa litakwera ndithu, ndipo masiku ena kamagwa kamvula kowaza kamene anzathu a ku Malawi amati chiperoni, kosanyowetsa nthaka koma kolowa mpaka m'mafupa. Madalaivala a malole amene agona pa mzere kudikira kuti pa malire patsegulidwe amatsika atadzikulunga mabulangete ngati odwala, nkumawotha moto limodzi ndi anyamata osintha makwacha ndi mametikali. Amayi amabwera ndi madengu a manachesi, pakuti ino ndiyo nyengo yake, ndipo kutsidya ku Mwanza ndiko kwawo kwa chipatso chimenechi. Msewu wonse umanunkhira makoko a manachesi ndi utsi wa mbatata yootcha. Ndikamva fungo limeneli, kaya ndili kuti, ndimadziwa kuti chaka chafika pakati.

Nkhungu ikayamba kutha zimaoneka nyumba zakale za seminale, kumene ansembe a White Fathers ankaphunzitsa anyamata nthawi ya atsamunda. Ansembewa anachoka m'Mozambique muno mu 1971 posagwirizana ndi zochita za boma la Apwitikizi. Achinyamata ambiri amangodutsapo osadziwa mbiri imeneyi. Koma akuluakulu athu, ukakhala nawo pa moto usiku wa chisanu, nkhani yawo siikhala ya seminale ayi. Imakhala ya zaka za nkhondo, pamene msewu uwu unkayendedwa pa kolona yokha, malole atandondozana asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza, ndi pamene midzi yathunthu inathawira ku misasa monga Luwani ndi Chifunga. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ine ndili wosazindikira kanthu. Chimene ndaona ndi chakuti akamafotokoza za kuthawako, sachedwa kutchula kuzizira, kugona m'tchire opanda chofunda, ana atapanikizana pansi pa chitenje chimodzi.

Ukanyamuka ku Zóbuè ndi msewu wa N7 kulowera ku Tete, ulendo wa makilomita pafupifupi 120, umayamba ndi jekete ndipo umafika uli ndi malaya okha. Pa Mussacama, pamene pamapatuka msewu wa ku Angónia, pamakhala milu ya kachewere, kabichi ndi matimati zochokera ku mapiri. Kuchokera pamenepo dziko limatsika pang'onopang'ono. Mitengo ya kumtunda imachepa, imayamba mitsanya ya masamba ofiirira, kenaka milambe. Mlambe wa m'chisanu ulibe tsamba ndi limodzi lomwe, umangoima mbuu, malambe ali lendelende. Apa ndi apo tchire lapsa, ana osaka mbewa atayatsa, ndipo pa lupsa lakudalo pamatera akabawi kufunafuna zopsereza. Anthu ena amati dziko limeneli ndi losakongola. Ine ndimawayankha kuti sanalione dzuwa likamatuluka, pamene udzu wouma umawala ngati uchi.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandilembetsa zonsezi.

Musanafike ku Moatize pali njira yopatukira ku Cateme ndi ku Mualadze, dzina limene ena amalemba kuti Mualadzi. Iyi ndi midzi yatsopano, yomangidwa chifukwa cha malasha. Ku Cateme, pafupifupi makilomita 40 kuchokera ku tauni ya Moatize, kampani ya Vale inasamutsirako mabanja oposa 700 m'zaka za 2009 ndi 2010. Ku Mualadze kunapita anthu a ku Capanga, m'mphepete mwa mtsinje wa Revúbuè, pofuna kupereka malo ku mgodi wa ku Benga. Ndimapitako nthawi ndi nthawi kukajambula mapulogalamu, ndipo ndimakonda kupita m'chisanu chifukwa msewu umakhala wouma.

Mudziwo ukauonera patali m'mawa umaoneka bwino ndithu. Nyumba za simenti zili m'mizere, malata akunyezimira ndi mame, utsi ukukwera mowongoka poti mphepo sinayambe. Sindinganame kuti nyumbazo ndi zachabechabe, ambiri a ife tinakulira m'nyumba za udzu zodontha. Koma denga la malata lopanda siling'i limazizira usiku kuposa la udzu, ndipo agogo amakuuza zimenezi usanawafunse. Ukayang'ana kupyola nyumbazo, mbali zonse ndi tchire louma ndi miyala. Chobiriwira chimene ungachione ndi kamtengo ka mango kamene mwini wake akukathirira ndi madzi otsukira mbale, atakatchinga ndi minga kuopa mbuzi. Amayi amakhala atalawirira kale ndi zigubu kukaima pa mzere wa madzi.

Tsiku lina ndinakhala pa mphasa ndi agogo ena aakazi ochokera ku Capanga, ndipo ndinawafunsa kuti, "Agogo, kodi chimene mumachikumbuka kwambiri kwanu kuja nchiyani?" Ndinkayembekeza kuti atchula manda a makolo kapena mitengo ya zipatso. Iwo anatchula mwezi wa Julayi. Anandifotokozera kuti ku mtsinje chisanu sichinali nyengo yokhala pansi. Madzi akaphwera ankasiya nthaka yachinyontho, ndipo m'madimba ankadzala chimanga chachiwiri, mpiru, matimati, anyezi, maungu ndi mbatata. Amuna ankapha nsomba, ena ankaumba njerwa ndi kuotcha mauvuni, ndipo msika wa ku Moatize ndi wa ku Tete inali pafupi, munthu umapita ndi dengu pamutu nkubwerako dzuwa lisanapendeke. Chaka chimene mvula yavuta, dimba linkapulumutsa banja. Kuno, anatero agogowo, munthu ukakolola m'masika basi wakolola, uyembekeze Disembala.

Mawu amenewa anandikhala mumtima. Amene anawerengera chipukuta misozi anawerengera nyumba kubweza nyumba, munda kubweza munda. Ndikuganiza kuti anayang'ana dzikolo ndi maso a m'dzinja, pamene Capanga ndi Mualadze zonse zimabiriwira mofanana. Akanabwera mu Julayi nkuima pa malo awiriwa tsiku limodzi, sakanafuna katswiri wowauza kusiyana kwake. Bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti mu 2013 lonena za mavuto a chakudya, madzi ndi ntchito m'midzi yosamutsidwayi, ndipo mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anali atatseka kale njanji ya sitima pofuna kuti madandaulo awo amveke. Zina zinakonzedwa pambuyo pake, eni migodi nawo anasinthasintha, koma mtsinje sungasamutsidwe pa lole.

Ndikunena izi osati kuti tidane ndi migodi. Abale athu ambiri amadyera momwemo, ndipo malasha a kuno si nkhani ya dzulo. David Livingstone atafika ku Tete mu 1856 analemba kale za malasha a dera lino, ndipo makolo athu ankalowa pansi pa nthaka ku migodi yakale ya ku Moatize ife tisanabadwe. Chimene ndikunena nchakuti kusamutsa anthu sikunathe m'chigawo chino, ndipo inu a m'midzi ya m'malire, tsiku limene adzabwere ndi mapepala kudzakuonetsani malo atsopano, dzawapempheni kuti mukawaone m'chisanu.

Ku Moatize kwenikweni kuli mapiri amene kunalibe ine ndili mwana. Ndi milu ya dothi ndi miyala yofukulidwa m'migodi chiyambire 2011 pamene mgodi waukulu unayamba kutulutsa malasha, mgodi umene kuyambira mu 2022 uli m'manja mwa kampani ya Vulcan. Ana obadwa m'zaka zimenezi amaona ngati mapiriwo analipo chikhalire. M'chisanu, poti kulibe mvula yotsuka mlengalenga, fumbi limakhazikika pamwamba pa tauni ngati chifunga, ndipo dzuwa likamalowa limafiira ngati khala lamoto, ukhoza kuliyang'ana osaphethira. Alendo amatulutsa mafoni kulijambula. Amayi amene anayanika zovala zoyera m'mawa alibe nazo ntchito zokongolazo.

Usiku kukazizira phokoso limamveka patali. Umamva sitima ikutuluka ndi mabogi osawerengeka, ina yolowera ku Beira kudzera pa mlatho wa Dona Ana ku Mutarara, ina yolowera ku Nacala kudzera ku Malawi, m'maboma a Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya. Malasha onsewo akupita kukatenthetsa ng'anjo za maiko akutali. Ife eni dera timawotha nkhuni ndi kuphikira makala, amene amatsika ndi njinga m'matumba ataliatali kuchokera ku tchire lomwe lija la mitsanya. Chaka ndi chaka oyendetsa njingawo amachokera kutali kuposa chaka chatha.

Ukapitirira Moatize pang'ono umafika pa Revúbuè, ndipo apa mpamene mawu a agogo aja amaoneka ndi maso. Mtsinjewu umachokera ku mapiri a ku Angónia nkudzathira mu Zambezi kumunsi pang'ono kwa mzinda wa Tete. Mu Julayi umakhala wofatsa, madzi ake oyera, mchenga uli poyera pakati ndi m'mbali. Kumtunda konse kuli mbuu, koma m'mphepete mwake muli kamzere kobiriwira kotsatira mtsinje mmene ukukhotera: madimba, mabango, nzimbe. Amayi akuchapa, anyamata akukweza mchenga m'ngolo, ng'ombe zikumwa. Munthu sungakhulupirire kuti ndi mtsinje womwewu umene mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, unagumula mbali ya mlatho nkulekanitsa Moatize ndi Tete. Iyenso ali ndi nkhope ziwiri, ndipo anthu a m'mphepete mwake amazidziwa zonse. Amene anakulira pamenepo amati chigumula chimawononga sabata imodzi, koma nthaka imene chimasiya imadyetsa miyezi isanu.

Za Zambezi sindichulutsa, poti ambiri mwaolokapo. Mlatho wa Samora Machel, wolendewera pa zingwe zachitsulo, unatsegulidwa mu 1973, ndipo kuyambira mu 2014 malole olemera ali ndi mlatho wina wa Kassuende chakumunsi. Madzulo a chisanu ndiyo nthawi yokha pa chaka imene ungawoloke mlatho wakalewo wapansi osatuluka thukuta, kamphepo kakuomba kuchokera pa madzi, mabwato a asodzi ali tayale pansi pako. Amene ali ndi mpata apite chakumtunda ku Boroma akaone tchalitchi chimene ansembe a chiJezuiti anamanga pa chitunda kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Apite m'miyezi ino, chifukwa mu Novembala chitunda chimenecho sichikwereka.

Pobwerera musaiwale kugula masau. Ino ndiyo nyengo yake, ali m'mabeseni paliponse pamene chapa yaima, ena aawisi, ena oumitsa, ndipo zimene akuluakulu amatcheza nawo kuseri kwa nyumba sindizitchula pa tsamba lino. Masau akayamba kutha, mphepo ya Ogasiti imadzuka ndi akamvuluvulu ake, ndiye kuti chisanu chapita.

Chisanachoke chaka chino ndikufuna kubwereranso ku Mualadze ndi makina anga ojambulira mawu. Agogo aja ndi anzawo amadziwa maina a madooko, a madambo ndi a zisumbu za mchenga za ku Capanga, amadziwa pamene pankagwidwa nsomba ndi pamene ana ankaletsedwa kusambira chifukwa cha ng'ona. Adzukulu awo obadwira ku mudzi watsopano sanamvepo ambiri mwa maina amenewa, ndipo pa mapu sanalembedwe. Ngati alipo mwa inu owerenga amene munakhalako ku Capanga, ku Chipanga kapena kwina kumene anthu anasamutsidwa, lembani maina amene mukuwakumbukira mutumize kudzera kwa mkonzi wa tsamba lino. Ndidzawawerenga pa wailesi m'mawa, limodzilimodzi, pamodzi ndi dzina la mudzi umene achokera.