Zilembo za kuseri kwa botolo

Mafuta oyeretsa khungu amakopa ndi chithunzi cha kutsogolo, koma zoona zake zili kuseri, m'zilembo zing'onozing'ono. Mayi wina wogulitsa tomato anadzola kwa zaka zambiri mafuta okhala ndi hydroquinone. Mankhwalawa amaletsa khungu kupanga melanin, utoto wachilengedwe wotchinjiriza thupi ku dzuwa; ndiye taganizirani munthu wotandala kumunda kapena pamsika wopanda mthunzi. Poyamba nkhope inawala, anzake n'kumamusirira. Kenako m'masaya munabuka mawanga akuda bii, ovuta kuchiza, amene madokotala amawatcha ochronosis.

Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, komabe mafutawa amaoloka malire mozemba. Ena amakhala ndi mercury, chiphe chowononga impso, chimene kawirikawiri opanga sachilemba n'komwe pabotolo.